Mawu Akuti "Mfundo": Kuchokera pa Ukonde wa ku Nyanja Kufikira ku Cosmo City

1. Chiyambi

M'Chichewa cha masiku ano mawu akuti mfundo amamveka kawirikawiri pamsonkhano, m'kalasi ndi pawailesi, ndipo amatanthauza ganizo lalikulu la nkhani. Koma tanthauzo limeneli ndi lobwera pambuyo. Poyamba mfundo ndi malo amene chingwe chapotana ndi kumangika, ndipo eni ake a luso limeneli ndi asodzi a ku Nyanja ya Malawi. Nkhani ino ikulongosola gwero la mawuwa, ntchito imene inawabala, ndi zimene zimawachitikira akamayankhulidwa kutali ndi nyanja.

2. Chingwe ndi ukonde

Nayiloni isanafike, msodzi ankadzipangira yekha chingwe kuchokera ku zomera. Chimodzi mwa zomerazo ndi bwazi, umene David Livingstone anautchula m'buku lake la 1857, naulemba kuti "buaze", atauona ku dera la Tete. Khungwa linkasendedwa, kupalidwa ndi kuyanikidwa, ndipo ulusi wake unkapotedwa pantchafu ndi chikhatho. Pa zingwe zikuluzikulu ankagwiritsa ntchito luzi la mitengo ya m'thengo, ndipo pambuyo pake khonje.

Ukonde ndi mndandanda wa mfundo. Diso lililonse la ukonde limazunguliridwa ndi mfundo zinayi, ndipo kutalikirana kwa mfundozo ndiko kumalamula msinkhu wa nsomba yokodwa. Mfundo yoterereka imakulitsa diso, nsomba nkupulumuka. Khoka, amene amakokedwa kuchokera kugombe, ndi chilimira, chimene amaponya pakati pa nyanja pogwira utaka ndi usipa, zimafuna mfundo zamitundu ingapo: yolukira maso, yolumikizira zingwe ziwiri, yomangira zoyandamitsa kumtunda, ndi yomangira miyala kumunsi. Dzina lakuti khoka likuchokera ku mneni -koka, ndipo mpweya wa "kh" umasowa m'chochuluka makoka, monga zichitikira ndi mayina ambiri a gulu 5 ndi 6.

3. Gwero la mawu

Akatswiri oyerekeza ziyankhulo za Chibantu, potsata njira ya Carl Meinhof (1899) ndi Malcolm Guthrie (1967–1971), amaganiza kuti tsinde lakale linali *-kúndò. Liwu la *k likatsogolera *u wakale wotchulidwa pakamwa potsekeka, linasanduka f m'Chichewa. Umboni wake ulipo m'mawu ena: *-kúmú anakhala mfumu, *-kúpà anakhala fupa. Motero mfundo ndi mbale wa fundo wa Chiswahili, pfundo wa Chishona, ifindo wa Chizulu, ndi lehuto wa Chipedi, m'mene *nd anasanduka t. M'ziyankhulo zinayizi dzinali lili m'gulu 5 ndi 6, pamene m'Chichewa lili m'gulu 9 ndi 10: mfundo imodzi, mfundo ziwiri.

4. Kukula kwa tanthauzo

Kuchokera pa chingwe, mawuwa anafalikira ku chinthu chilichonse chotupa pamene zigawo ziwiri zikumana: mfundo ya nzimbe, ya nsungwi, ya chala. Kuchokera pamenepo anafika pa maganizo. Chofunika kuzindikira nchakuti dzinali silinasamuke lokha, koma linatenga aneni ake. Anthu pabwalo amamanga mfundo, monga msodzi amangira chingwe, ndipo chimene chamangidwa sichiyenera kuterereka. Mneni -masula ali ndi mathero -ula osonyeza kubweza ntchito, monga mu -tsekula, ndipo mwa iye munatuluka -masulira, ntchito ya wotanthauzira maloto, malamulo kapena chiyankhulo chachilendo. Chingerezi chinatenga njira ina: pakuti amalinyero ankayesa liwiro la chombo powerenga mfundo za pachingwe choponyedwa m'madzi, mawu awo a mfundo anakhala muyeso wa liwiro.

5. Kutali ndi nyanja

Cosmo City, kumpoto cha kumadzulo kwa Johannesburg, ndi dera limene anthu anayamba kukhalamo mu 2005, ndipo pa kalembera wa 2011 munali anthu oposa 40,000. Pakati pawo pali Amalawi, ndipo ndi chodziwika kuti ambiri mwa Amalawi opita ku South Africa amachokera m'maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Nkhata Bay. M'malo otere mfundo, ifindo, lehuto ndi pfundo zimayankhulidwa mumsewu umodzi, eni ake osadziwa kuti akutchula mawu a kholo limodzi.

Mwana wokulira kumeneko amamva mfundo kutchalitchi ndi pamsonkhano wa bungwe la maliro, koma saona ukonde ukulukidwa. Akakula nalowa sukulu ya zaluso, nafuna kuluka zokongoletsa za zingwe, amatsegula mabuku a Chingerezi monga The Ashley Book of Knots (1944), limene lili ndi mfundo pafupifupi 3,900. M'menemo amapeza mfundo yolukira ukonde, imene agogo ake ankaimanga osayang'ana, ili ndi dzina la amalinyero a ku Ulaya. Luso limamubwerera, koma m'chiyankhulo china.

Ngakhale kunyanja kwenikweniko zinthu zasintha. Maukonde a nayiloni amabwera olukidwa kale ndi makina, kotero kuti ntchito yotsalira msodzi ndi yomangirira ndi kusoka pong'ambika. Ena amagwira nsomba ndi masikito, amene maso ake ndi aang'ono kwambiri ndipo amakokolola ndi ana a nsomba omwe.

6. Mathero

Mawu akuti mfundo sali pangozi ya kufa, pakuti tanthauzo lake lachiwiri ndi lamphamvu. Chimene chingatayike ndi chidziwitso cha manja chimene chimapatsa tanthauzolo mizu, pamodzi ndi mayina amene asodzi Achinyanja, Achitonga ndi Achiyao amapatsa mfundo iliyonse.  Ntchito yoyembekezera ofufuza ndi kukhala pagombe ndi okalamba osoka maukonde, kujambula mfundo iliyonse pamene ikumangidwa, ndi kulemba dzina lake, gulu lake ndi mneni woyenda nalo. Pa ntchito yotere katswiri wa chiyankhulo ndi wophunzira zojambula amafunana, pakuti wina amadziwa kulemba mawu, winayo kuonetsa kumene chingwe chadzera.