Mphakati: Kumene Mkhristu Amadziwika ndi Dzina

M'tchalitchi lalikulu la m'tauni munthu akhoza kupemphera chaka chathunthu osafunsidwa ngakhale dzina. Ku mphakati sizitero. Kumeneko mabanja a Chikatolika oyandikana nyumba amakumana pakhomo pa mmodzi mwa iwo, kawirikawiri Lamulungu masana, ndipo amene sanabwere amadziwika pompopompo.

Mwambowu unazika mizu m'zaka za m'ma 1970. Aepiskopi a kum'mawa kwa Afrika a m'bungwe la AMECEA, pamsonkhano wawo wa mu 1973 ku Nairobi, anagwirizana kuti Mpingo uyambire kumene anthu amakhala. Kuno kwathu, Ambuye Patrick Kalilombe anatsogolera sinodi ya Dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo miphakati inafalikira m'maparishi. M'madera ena amati limana, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Tsiku la msonkhano, eni khomo amasesa bwalo n'kuyala mikeka pamthunzi. Pakatebulo koyala chitenje amaikapo mtanda, kandulo ndi Baibulo. Nyimbo ikatha, wina amawerenga Mthenga Wabwino, kenaka onse amakhala chete kanthawi. Apa palibe woti alalikire anzake: gogo wosadziwa kuwerenga amanena mawu amene amukhudza, mphunzitsi amene wakhala pambali pake n'kumamvetsera. Akatero amapereka mapemphero, kutchula odwala mayina awo, n'kuyendetsa mbale ya chopereka.

Chotsatira ndicho chimapatsa mphakati mphamvu. Wapampando amafunsa kuti, "Kodi mayi aja a kuseri kwa chigayo ali bwanji?" Pomwepo amasankha okawazonda. Wina amalonjeza ufa, wina sopo, achinyamata amati akafolera denga mvula isanagwe. Maliro akagwa, a mphakati ndiwo amayamba kufika. Amayi amabwera ndi nkhuni ndi ndowa za madzi, amagona pasiwa akuimba usiku wonse, ndipo mwambo ukatha amabwererakonso kukapepesa namfedwa anthu onse atabalalika. Paja mutu umodzi susenza denga.

Parishi nayo imadalira miphakati. Wofuna kubatizitsa mwana kapena kudalitsa ukwati amayamba wadzera kwa atsogoleri a mphakati wake, chifukwa iwo ndiwo amadziwa mmene akukhalira. Miphakati imasinthana kusesa m'tchalitchi, kuwerenga mawu pa Misa ndi kupereka mphatso kwa ansembe. M'miyezi ya Meyi ndi Okutobala amayenda khomo ndi khomo kupemphera korona.

Koma pali chinthu chodandaulitsa. Pamikeka pamadzaza amayi ndi ana, pamene mipando ya abambo imakhala yopanda anthu. Ena amakumbukira mphakati tsiku lomwe akufuna kalata yowachitira umboni ku parishi, kapena zovuta zikawagwera. Kutero n'kudzimana. Chikhristu cha munthu mmodzi chimazirala msanga, chifukwa chikhululukiro, kuleza mtima ndi chifundo zimaphunziridwa pakati pa anthu amene umagawana nawo mjigo ndi malire a munda.

Choncho abambo, ndi inu achinyamata, Lamulungu likubwerali musathere pa Misa pokha. Funsani khomo limene anzanu akukumana, mupite, mukakhale nawo pansi. Mpingo umene udzakuthamangireni pa tsiku la mavuto ndi umene mukuumanga lero.