Kusamuka ku Neno ndi pikapu: muiyendetse, muikoke kapena muinyamule?

Wamalonda wina wa kwa Chekucheku ku Neno watifunsa funso lomwe ambiri amalifunsa mochedwa, katundu atamanga kale. Akusamukira ku Lilongwe komwe wapeza malo a geni, ndipo ali ndi pikapu yakale ya dizilo yomwe wakhala akunyamulira mbatatesi ndi manachesi. Injini imalira, koma imatentha pa zitunda, mabuleki ndi okayikitsa ndipo COF inatha. Akufuna kudziwa njira yotchipa yoifikitsira kumeneko.

Bambo, yankho lathu ndi lakuti musayambe ndi mtengo. Yambani ndi msewu wochoka pakhomo panu kukafika pa tala. Kuchoka pa Zalewa kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 250 a msewu wa M1, ndipo ngakhale uli ndi zigamba ndi maenje, ndi msewu woti galimoto ina iliyonse imadutsa. Vuto lili kumtunda. Aliyense amene anatsikapo mapiri a Neno atanyamula matumba akudziwa kuti kumeneko n'komwe galimoto imayesedwa: zitsetse zazitali, makona okhota mwadzidzidzi, miyala, ndipo mvula ikagwa matope oterera. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza wakhala ukukambidwa zaka zambiri, koma inu konzani ulendo potengera mmene msewu ulili tsiku lomwe mukunyamuka. Njira yodzera kwa Dambe n'kukatulukira ku Tsangano imaoneka yachidule kwa wopita ku Lilongwe. Kwa galimoto yodwala, kapena lole yosenza galimoto inzake, ife tingasankhe kutsikira ku tala n'kudzera pa Zalewa ngakhale ndi kozungulira.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kuiyendetsa yokha, ngati ili bwino. Ndalama yomwe mukadalipira lole ikhoza kukwanira kukonzetsa mabuleki, kutsukitsa radiator, kugula matayala awiri ndi kukonzanso mapepala, ndipo zimenezi mudzazifunabe mukafika ku Lilongwe. Pikapu ya dizilo yosalemedwa imayenda makilomita pafupifupi 10 pa lita imodzi, choncho gawani mtunda wanu ndi 10, muwonjezereko malita angapo a m'mapiri, kenako muchulukitse ndi mtengo wa dizilo wa tsikulo. Muikeponso ya pa toll gate ziwiri, ya Chingeni ndi ya Kalinyeke ku Dedza.

Cholakwika chomwe timachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amati, poti galimoto ikupita kale, inyamuletu zonse. Mipando, malata, matumba a chimanga, mbuzi, ndi banja pamwamba. Pikapu zambiri za mtundu wa Hilux kapena Isuzu zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amawerengedwa momwemo. Pa ulendo waufupi wa kumsika mumapyola muyezo n'kupulumuka, tonse timadziwa. Koma tsiku lathunthu pa msewu, masipuling'i atagona, matayala akutentha m'chigwa cha Shire, kenako n'kukwera chitunda cha Ntcheu mpaka ku Dedza, chofooka chilichonse chimaonekera. Katundu wa m'nyumba mupezereni lole ina.

Njira yachiwiri ndi yokoka, ndipo ndi imene tikufuna kuti muimvetsetse bwino chifukwa ndi yomwe anthu amathamangira. Mnzanu ali ndi galimoto, inu muli ndi chingwe, basi nkhani yatha. Ayi ndithu. Pikapu yopanda katundu imalemera pafupifupi matani awiri. Injini ikakhala yozima, chipangizo chothandizira mabuleki sichigwira ntchito: mukaponda kawiri kapena katatu, buleki imauma ngati mwaponda mwala, ndipo pamafunika mphamvu zambiri kuti galimoto iime. Chiwongolero nachonso chimalemera. Pamalo athyathyathya mukhoza kulimbana nazo. Pa chitsetse cha ku Neno galimoto yam'mbuyo imathamangira yakutsogolo, chingwe chimakhwepa, kenako chimakungika mwadzidzidzi n'kuduka kapena kuzula pomwe mwamanga. Ngati palibiretu kuchitira mwina, kokani ndi chitsulo cholimba osati chingwe, galimoto yokokayo ikhale yolemera kuposa yokokedwa, muyende masana ndipo kiyi akhale pamalo pake kuti chiwongolero chisadzitseke.

Palinso kuwonongeka kwina kosaoneka. Mukamakoka matayala akumbuyo ali pansi, amazungulitsa propshaft, ndipo iyo imazungulitsa zitsulo za m'giyabokosi pamene oilo sakuyenda bwino poti injini yazima. Kwa makilomita ochepa palibe kanthu. Kwa mtunda wautali giyabokosi imapsa, makamaka ya automatic. Makaniko aliyense wodziwa ntchito angamasule propshaft m'kanthawi kochepa. Auzeni asunge mabawuti m'kathumba ndipo aike chizindikiro kuti adzaibwezere mmene inalili. Ngakhale zili choncho, kukoka n'kwabwino pofikitsa galimoto kwa makaniko kapena pa tala, osati mpaka ku Lilongwe.

Yatsala ndi yonyamula. Galimoto za breakdown zokhala ndi thandala lopendekeka zimapezeka ku Blantyre, makilomita pafupifupi 60 kuchoka pa Zalewa, ndipo ndizo zoyenera ntchitoyi, koma mudzalipira ulendo wobwera, wopita ndi wobwerera wopanda kanthu. Amalonda ambiri amagwiritsa ntchito lole wamba. Apa tengani tepi muyeze. Pikapu ya double cab imatalika kupitirira pang'ono mamita asanu, pamene malole ambiri a matani atatu, a mtundu wa Canter kapena Dyna, thandala lake silifika pamenepo. Mwini lole adzakuuzani kuti kulemera kuli bwino, ndipo sakunama, koma matayala akumbuyo a pikapu akakhala kunsonga kwenikweni kwa thandala, kutsogolo kwa lole kumapepuka ndipo chiwongolero sichimvera pa chitunda. Funani lole ya matani asanu kapena asanu ndi awiri. Muonenso matabwa a pansi, chifukwa kulemera konse kwa pikapu kumatsamira pa malo anayi okha pomwe matayala aponda, osati ngati matumba omwe amayala thandala lonse. Thabwa lofumbwa limaboola.

Pokweza, pezani malo pomwe nthaka yakwera molingana ndi thandala, monga m'mbali mwa msewu pomwe anadula phiri, lole ibwerere chafutambuyo n'kugunda pamenepo. Musakhulupirire matabwa awiri otsamiritsa ndi anyamata khumi okankha. Ndipo ganiziranitu za kotsitsira, poti ku Lilongwe kuli kwathyathyathya ndipo mukhoza kuzungulira tsiku lonse kufuna chiunda lole ikuwerengera maola. Mbali ya injini iyang'ane kutsogolo. Ikani giya, kokani handibuleki, khomerani zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, kenako mangani ngodya zonse zinayi ndi matcheni kapena malamba okungira, kuchokera pa ekiselo kapena pa matayala kupita ku chassis ya lole, osati ku zitseko za m'mbali. Chingwe cha nayiloni chomangira matumba chimatamuka. Mukayenda pang'ono pa msewu wafumbi imani mukungenso, ndipo mukafika pa tala muonenso kachiwiri. Dalaivala akumbukire kuti katunduyu ndi wamtali, amapendeketsa lole pa makona kuposa simenti yolemera chimodzimodzi.

Za mtengo, nzeru ndi yomwe mumaidziwa kale pa mbatatesi: funani lole yobwerera. Malole omwe abweretsa feteleza, simenti kapena katundu wa m'magolosale ku Neno nthawi zambiri amatsika opanda kanthu, ndipo pa Zalewa pamadutsa ambiri ochokera ku Blantyre ndi ku chipata cha Mwanza. Ngati pikapu ingathe kudzitsikira yokha pang'onopang'ono yopanda katundu, ikakwezereni pa Zalewa; eni malole amadulitsa kwambiri akamva kuti akwere kumtunda. Nyengo yokolola mbatatesi ndi manachesi malole amakhala ndi ntchito yambiri, ndiye simungawanenerere mtengo.

Mugwirizane polemba, ngakhale pa pepala la m'kope, pakhale mboni. Mulembe mtengo, malo otsitsira, amene alipire toll gate, ndi amene alipire lole ikapezeka yolemera mopyola pa sikelo ya a Road Traffic. Chofunika koposa, funsani za inshuwalansi. Ya third party, yomwe malole ambiri ali nayo, imateteza anthu ena pa msewu, siilipira katundu amene lole yanyamula. Pikapu yanu ikagwa, ndi nkhani ya inu ndi mwini lole basi. Perekani theka ponyamuka, theka mukatsitsa. Jambulani galimotoyo mbali zonse ndi foni isanakwezedwe, chotsani batire, jeke ndi tayala la sipeya ngati simuyenda nayo, ngakhale ife tingakonde kuti inuyo kapena m'bale wanu akhale kutsogolo ndi dalaivala.

Blue book ikhale m'thumba mwanu pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika. Apolisi a pa roadblock ya Zalewa akaona galimoto ili pamwamba pa inzake amafuna umboni woti ndi yanu, ndipo ali ndi chifukwa, poti malire a Mozambique sali patali. Ngati munagula kwa munthu koma simunasinthe dzina, tengani kalata ya malondawo, ndipo mukafika mukasinthitse.

Kwa bambo a kwa Chekucheku, tikuti itanani makaniko ayambe waona mabuleki ndi vuto lotenthalo. Zikakonzeka, mapepala n'kukhala bwino, yendetsani yopanda katundu, munyamuke m'mamawa kusanatenthe. Zikakanika, lole kuchokera pa Zalewa. Ndipo ngati mungathe kusankha tsiku, samukani pakati pa May ndi October, mvula ya December isanayambe kukumba msewu wa kumtunda.