Nthunzi ikasowa potulukira, mgolo umaphulika

Abale ndi alongo, ena mwa ife tayamba kufutsa mpunga ndi nthunzi ya mumgolo wotseka kuti tisamawononge nkhuni zambiri. Nzeruyo ndi yabwino, koma mgolowo usakhale pamoto wopanda valavu yotulutsira nthunzi.

Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo lita imodzi ikasanduka nthunzi imafuna malo a malita oposa 1,600. Nthunziyo ikasowa njira imang'amba chitsulo. Opsa amakhala mayi wosonkhezera moto ndi ana osewera pafupi.

Valavuyo ikhale pamwamba penipeni pa mgolo, pamene madzi safika. Pakati pa mgolo ndi valavu pasakhale mpopi wotseka, ndipo kukamwa kwake kuloze kumene sikudutsa anthu. Atiikire ndi mmisiri wodziwa ntchitoyi, moto utazima, mgolo utazizira. Tisanasonkhe moto, tiziona ngati dzimbiri silinaitseke.

Ikayamba kulira kuti fyooo, ndiye kuti ikugwira ntchito yake. Tisaimange ndi waya kapena kuitsekera chiguduli. Tingochepetsa nkhuni basi. Migolo yopyapyala ya mafuta ija tisamaitseke kotheratu ngakhale pang'ono.

Moyo ndi amana yochokera kwa Allah. Tiyeni tiusamale.