Utitiri wa galu umabisala pogona pake

Ku Kuwadzana, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, galu ndi mlonda wosalipidwa. Koma nyengo yotentha ikafika mu Okutobala, mlonda ameneyu amangokhalira kudzikanda chifukwa cha utitiri ndi nkhupakupa. Popeza mankhwala a m'sitolo ndi okwera mtengo, mabanja ena amapaka agalu awo oyilo wakutha wa galimoto kapena dibi wa ng'ombe wosayeza bwino. Zimenezi zimawotcha khungu, ndipo galu akanyambita angathe kufa.

Vutoli silithera pa galu yekha. Utitiri umanyamula mtundu wina wa njoka zam'mimba, ndipo mwana wokwawa akameza kachilombo kamodzi mwangozi angathe kuzitenga. Nazo nkhupakupa zimapatsa agalu matenda owononga magazi.

Akatswiri a ziweto amanena kuti utitiri umene timauona pa galu ndi pafupifupi 5 peresenti chabe. Wotsalawo ndi mazira, timphutsi ndi tizikwa zimene zili m'fumbi, m'masaka ndi m'ming'alu ya simenti. Kachilombo kakakazi kamodzi kamaikira mazira ofika 50 pa tsiku, ndipo mazirawo amayoyokera pamene galu amagona. N'chifukwa chake galu wosambitsidwa lero amayambanso kudzikanda mlungu usanathe.

Choncho ntchito iyambire pogona pa galu. Sesani m'khola tsiku lililonse, ndipo zinyalalazo muzitenthe. Masaka ndi zofunda zake muzichape m'madzi otentha kamodzi pa mlungu n'kuziyanika padzuwa, pakuti timphutsi sitipirira kuuma ndi kutentha. Poti madzi ndi osowa m'matauni a Harare, madzi otsala pochapa zovala angathandize kukolopa m'kholamo. Galu mwiniyo mum'pese ndi chipeso cha mano othinana, n'kumaviika chipesocho m'madzi a sopo kuti tizilomboto timire.

Zomera nazo zili ndi gawo lake. Chitsamba chimene Ashona amachitcha zumbani chimamera chokha m'madera ambiri a Zimbabwe. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2011 ndi akatswiri a University of Zimbabwe anasonyeza kuti madzi a masamba ake amachepetsa nkhupakupa pa ng'ombe. Ku Malawi ndi ku Zambia alimi amadalira ombwe, umene ena amautcha mthuthu, komanso masamba a nimu. Komabe kafukufuku wa 2012 anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ombwe umene anauyeza ku Malawi unalibe mankhwala opha tizilombo. Ngati ombwe wanu sukugwira ntchito, funani mbewu ina.

Mawu akuti "zachilengedwe" asatipusitse. Ombwe ndi poizoni wopha nsomba, motero usathiridwe m'ngalande ndipo usungidwe kutali ndi ana. Ndi bwino kuuwaza m'khola kusiyana ndi kusambitsa nawo galu. Adyo ndi anyezi, zimene ena amathira m'chakudya cha galu, zimawononga magazi ake. Mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.

Galu akasiya kudya, nkhama zake zikayera, nthawi ya masamba yatha: pitani naye kwa alangizi a ziweto kapena ku SPCA. Palibenso chomera chimene chingalowe m'malo mwa katemera wa chiwewe. Koma pa nkhani ya utitiri, tsache, dzuwa ndi sopo zikagwiritsidwa ntchito mosadumphitsa kwa miyezi itatu, banja lidzaona kusintha.