Mwana akaoneka wochepa m'mimba, sikelo isalekezedwe

Kwa Mpama, m'boma la Chiradzulu, tsiku la sikelo limayamba kusanache. Amayi oyembekezera amatsika m'midzi, ena wapansi, ena pa kabaza, buku la kuchipatala atalikulunga m'chitenje kuopa mame ndi mvula. Akafika amakwera pa sikelo, amayezedwa kuthamanga kwa magazi, kenaka amagona pa bedi kuti namwino ayeze mimba ndi tepi. Kwa ambiri zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa. Koma pamakhala mmodzi amene namwino amamuyeza kawiri, n'kuyang'ananso m'buku, n'kumuuza kuti mimba yake ikuoneka yaing'ono poyerekeza ndi miyezi yake. Amamulembera tsiku loti abwerenso pakatha masabata awiri, kapena kumupatsa kalata yoti akajambulitse kuchipatala chachikulu cha boma.

Nkhani yathu lero ili pa mayi ameneyu, makamaka pa zimene banja lake limachita iye akafika kunyumba. Zimene amamva mayi wa kwa Mpama ndi zomwezo amamvanso amayi a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo mayankho a pakhomo amafanananso. Ena amagwidwa ndi mantha mpaka kusowa tulo. Ena amangoti kwathu ana timabereka ang'onoang'ono, n'kuliika buku pansi pa mphasa. Onsewa amaphonya chimene namwino amatanthauza. Iye sanagamule kuti mwana ali pangozi, komanso sananene kuti zonse zili bwino. Wanena kuti kuyambira tsiku limenelo mwanayu afunika kumuyang'anitsitsa.

Chimene tepi imanena

Namwino amayeza kuchokera pa fupa la pachinena kufika pamwamba pa chiberekero. Kuyambira sabata ya 24 ya pakati, masentimita amene tepi imaonetsa amayendera limodzi ndi masabata. Mayi wa masabata 30 amayembekezeka kukhala ndi masentimita pafupifupi 30, ndipo kusiyana kwa awiri sikudetsa nkhawa. Koma tepi ikaonetsa 26, namwino ayenera kufufuza.

Pali zinthu zitatu zimene zingakhale kuseri kwa nambala imeneyi. Choyamba, mwina masiku anawerengedwa molakwika, pakuti si mayi aliyense amene amakumbukira tsiku limene anasamba komaliza, makamaka ngati anatenga pakati akuyamwitsa. Chachiwiri, mwina mwanayo ndi wochepa mwachibadwa, wotengera makolo ake, koma wathanzi ndipo akukula bwinobwino. Chachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa, mwina nsengwa, imene imadutsitsa chakudya ndi mpweya kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana, sikugwira ntchito mokwanira. Mwana wotere amakhala ndi njala ali m'mimba, ndipo akhoza kufooka kapena kumwalira asanabadwe.

Kuyeza kamodzi sikungasiyanitse zitatuzi. Chimene chimasiyanitsa ndi kuyeza lero, kuyezanso pakatha masabata awiri kapena atatu, n'kuona ngati mwana wasuntha. Mayi amene sabwerera pa tsiku lake amamusiya namwino ndi nambala imodzi yokha, yomwe palibe angaimasulire.

M'mera mpoyamba

Vuto la kusadziwa masiku limachepa mayi akayamba sikelo msanga. M'chaka cha 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kasanu ndi katatu, kuyambira miyezi itatu yoyamba isanathe, komanso kuti ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane. Kujambula koyambiriraku ndiko kumanena bwino msinkhu wa pakati. Kujambula kwa mochedwa kumaonetsa kukula kwa mwana, koma sikungatsimikize ngati ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri wokula bwino kapena wa miyezi isanu ndi itatu wopinimbira.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Tonse tikudziwa chifukwa chake. Pakati pongoyamba timabisa, ndipo ambiri amadikira kuti mimba ionekere kaye. Kubisira anthu a m'mudzi ndi nkhani ya banja, koma namwino sayenera kubisiridwa.

Zimene zimapinimbiritsa mwana

Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja, mdani woyamba ndi malungo. Tizilombo ta malungo timabisala mu nsengwa n'kumatchinga njira ya chakudya, nthawi zina mayi osamva kutentha thupi ngakhale pang'ono. Amene ali ndi pakati poyamba ndiwo amavutika kwambiri. N'chifukwa chake kusikelo amapereka neti ya udzudzu komanso Fansidar, amene amayamba kumwedwa miyezi itatu yoyamba ikatha, kamodzi pamwezi, kosachepera katatu mwana asanabadwe. Amayi amene amamwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansidar, choncho namwino ayenera kudziwa mankhwala onse amene mayi akumwa. Ndipo neti ya mayi woyembekezera malo ake ndi pogona, osati kunyanja kapena kudimba.

Mdani wachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kumafinya mitsempha yopita ku nsengwa. Kawirikawiri kuchepa kwa mwana ndi kukwera kwa magazi zimayendera limodzi, moti tepi ikhoza kuyamba kuchenjeza mayi asanamve chilichonse m'thupi. Palinso kuchepa kwa magazi, chindoko, kachilombo ka HIV ngati mayi sakumwa mankhwala mwandondomeko, fodya wosuta ndi wa pamphuno, kutenga pakati mtsikana asanakhwime, kubereka pafupipafupi, ndi ntchito yolemetsa pamene chakudya chili chochepa. Miyezi ya Januware ndi Febuluware, nkhokwe zitapepuka koma ntchito ya kumunda itachuluka, ndi nthawi yowawa kwa mayi wapakati. Zambiri mwa zimenezi zili ndi mankhwala, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa.

Chisamaliro chotsatira

Mayi akatumizidwa kukajambulitsa, dokotala amayeza mutu wa mwana, mimba yake ndi fupa la ntchafu, n'kuyerekeza kulemera kwake. Mwana amatchedwa wochepa ngati mwa ana 100 a msinkhu womwewo iye ali m'gulu la 10 opepuka kwambiri. Amayang'ananso kuchuluka kwa madzi amene mwana amakhalamo, pakuti madzi akachepa ndi chizindikiro choti nsengwa yatopa. Kumene makina alipo, amaonanso mmene magazi akuyendera m'chingwe cha mchombo. Kujambula kumabwerezedwa pakadutsa masabata osachepera awiri, chifukwa pa masiku ochepa kukula kwa mwana sikuoneka. Pa ulendo uliwonse amayezanso kuthamanga kwa magazi, mkodzo ndi kugunda kwa mtima wa mwana.

Kwa mayi wa kwa Mpama, njira imachokera kuchipatala chaching'ono kupita kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo zikavuta amatumizidwa ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Wa ku Mangochi amatumizidwa ku Zomba, pamene wa ku Salima ndi Nkhotakota amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kalata yotumizira siyenera kugonekedwa kudikira kuti nandolo kapena usipa ugulitsidwe kaye.

Gawo lina la chisamaliro lili m'manja mwa mayi mwini. Iye ndiye amadziwa kaseweredwe ka mwana wake usana ndi usiku. Mwana wofooka amayamba kusunga mphamvu, ndipo amasewera pang'ono. Mayi akaona kuti kusewera kwachepa kapena kwasiya, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku, osadikira tsiku la sikelo. Sizoona kuti mwana amaleka kusewera masiku akayandikira. Achitenso chimodzimodzi akamva mutu wosaleka, akamaona zinthu mwachimbuuzi, akatupa nkhope ndi manja, akamva ululu pansi pa nthiti, akataya magazi kapena madzi, ndiponso akatentha thupi. M'miyezi itatu yomaliza, agone chammbali osati chagada.

Chikhulupiriro chimene chimatipweteka

Timamva m'midzi mwathu akuluakulu ena akulangiza mtsikana kuti asamadye kwambiri, kuopa kuti mwana angakule n'kumuvuta pobereka. Ena amakana ngakhale mapiritsi owonjezera magazi pa chifukwa chomwecho. Malangizowa amachokera m'chikondi ndi m'mantha a anthu amene anaona amayi akufera pa uchembere, koma ndi olakwika. Mwana wopinimbira sapirira bwino nthawi ya matenda a kubereka. Chiberekero chikamafinya, mpweya wopita kwa iye umachepa, ndipo mwana amene anali wofooka kale amatopa msanga. Mayi adye kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya, aonjezereko chakudya china pa tsiku, ndipo usipa, mazira, nyemba, nandolo, nsinjiro ndi masamba obiriwira zisamusowe. Tinenenso poyera kuti ngati vuto lili mu nsengwa, chakudya chokha sichingalithetse, ndipo mayi asadziimbe mlandu. Kudya bwino ndi kupita kusikelo zonse ziwiri zikufunika.

Mwezi wa Ramadhan ukafika

Pali funso limene mabanja athu amakumana nalo chaka ndi chaka. Amayi ambiri oyembekezera amafunga limodzi ndi anzawo, ena chifukwa chokonda mweziwu, ena poopa kudzabweza okha, enanso poopa maso a apongozi. Ophunzira a chipembedzo chathu amagwirizana kuti mayi woyembekezera amene akuopera moyo wake kapena wa mwana wake ndi wololedwa kusafunga. Amasiyana pang'ono pa kabwezedwe ka masikuwo, ndipo pa zimenezo banja lifunse shehe wawo. Mayi amene wauzidwa kuti mwana wake sakukula bwino ali ndi chifukwa chomveka chogwiritsira ntchito chilolezo chimenechi. Akambirane ndi namwino mwezi usanaoneke, ndipo mwamuna wake akhale woyamba kumumasula. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku asadukize.

Ena amazengereza kukajambulitsa poganiza kuti adzapeza dokotala wamwamuna. Pojambula amavundukula pamimba pokha, ndipo mayi ali ndi ufulu wopempha wachipatala wamkazi ngati alipo, kapena kulowa ndi namwino wamkazi kaya mwamuna wake. Ngati wamkazi palibe, chipembedzo chimalola kuthandizidwa ndi amene alipo, pakuti kuteteza moyo kuli patsogolo.

Mutu umodzi susenza denga

Maulendo owonjezera a kuchipatala amadya ndalama ya kabaza ndi masiku a kumunda. Apa ndi pamene abambo ayenera kuonekera. Bambo adziwe tsiku lolembedwa m'buku, asunge ndalama ya ulendo wadzidzidzi, akhale ndi nambala ya wakabaza amene angamudzutse usiku, ndipo amupepukitsire mkazi wake khasu, nkhuni ndi ndowa. Amene ali kutali, kunyanja kapena ku Johannesburg, asiye mawu omveka kuti mayi apite kuchipatala osadikira chilolezo cha pafoni. Akapezeka ndi chindoko, onse awiri alandire mankhwala. Apongozi ndi anamkungwi, amene mawu awo amalemera pakhomo, akhale oyamba kufunsa ngati tsiku la sikelo lakwana.

Tsiku lobereka ndi masiku otsatira

Mwana wochepa abadwire kuchipatala chimene chili ndi malo ochitira opaleshoni ndi chipinda cha ana ofooka. Amene amakhala kutali apite kuchidikiro nthawi ikadalipo. Madokotala akaona kuti mwana wasiya kukula, akhoza kuganiza zoti abadwe masiku asanakwane, kawirikawiri cha m'masabata 37, kapena msanga kuposa apo ngati zinthu zaipa, chifukwa pamafika nthawi imene bere limamudyetsa bwino kuposa nsengwa. Ngati ayenera kubadwa masabata 34 asanakwane, mayi amabayidwa jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka, monga mwanamphepo, ndi oopsa kwa mwana aliyense, koposa kotani kwa wofooka kale.

Akabadwa wosakwana makilogalamu 2.5, adani ake ndi kuzizira, njala ndi matenda. Ayamwe mu ola loyamba ndipo ayamwe pafupipafupi, asasambitsidwe tsiku loyamba, ndipo akhale pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu. Njira imeneyi, yotchedwa kangaroo, inayambira mumzinda wa Bogotá m'dziko la Colombia, ndipo kuno inayamba kuchipatala cha Zomba mu 1999. Siifuna magetsi, ifuna chitenje, chipewa ndi kudekha. Bambo ndi agogo angathenso kumufungatira kuti mayi apumule. Ana ambiri obadwa ochepa amakula bwino n'kufanana ndi anzawo akasamalidwa motere ndi kupitirizidwa kusikelo ya ana.

Tibwerere kwa mayi uja wa kwa Mpama. Madzulo ano buku lake lili m'nyumba, ndipo m'bukumo muli tsiku limene namwino analemba. N'kutheka kuti akadzapita adzauzidwa kuti masiku ndiwo anasokonekera, n'kubwerera akuseka. N'kuthekanso kuti ulendo umenewo ndiwo udzapulumutse mwana wake. Palibe m'banjamo amene angadziwe zimenezi ali pakhonde, choncho tsikulo likafika, wina amuperekeze.