Mano omaliza kumera

Mwana wamng'ono ali ndi mano 20. Munthu wamkulu ali ndi mano 32. Mano a munthu wamkulu samera onse nthawi imodzi.

Mwana akafika zaka 6, mano a ubwana amayamba kuguluka. Nthawi yomweyo, kumbuyo kwa mano ena onse kumamera mano anayi akuluakulu otafunira. Pa zaka 12 kumameranso anayi ena. Apa mano amakwana 28.

Anayi otsalawo ndiwo mano omaliza: awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Pa Cipwitikizi dzina lawo ndi "dentes do siso", ndiye kuti mano a nzeru, cifukwa amamera munthu atakula.

Mano amenewa amayamba kupangika mwana ali ndi zaka 8 mpaka 10, koma amabisala m'fupa la nsagwada monga mbewu m'nthaka. Umayamba kupangika ndi mutu wa dzino. Pambuyo pake mizu imakula, ndipo dzino limakwera pang'onopang'ono mpaka kuboola nkhama. Kwa anthu ambiri zimenezi zimacitika pakati pa zaka 17 ndi 25. Ena amamera awiri kapena atatu okha. Ena samera ngakhale limodzi. Amenewo si matenda.

Dzino likamaboola nkhama, pamalopo pamanyerenyesa kapena kupweteka pang'ono kwa masiku ocepa. Kucukuca m'kamwa ndi madzi ofunda a mcere kumathandiza.

Vuto limabwera pamene nsagwada ilibe malo okwanira. Dzino limapendekera, limakankha linzake, kapena limangotuluka theka. Kacikopa ka nkhama kamaliphimba pamwamba. Pansi pa kacikopako pamalowa zakudya monga makoko a cimanga cokazinga ndi timinofu ta nyama. Zakudyazo zikaola, nkhama imatupa ndi kucita mafinya. N'cifukwa cake mswaci uyenera kufika mpaka pa dzino lakumbuyo, m'mawa ndi madzulo.

Tsaya likatupa, thupi likatentha, kapena munthu akamalephera kuyasama ndi kumeza, asadikire kuti kuce kawiri. Mafinya akhoza kutsikira kukhosi ndi kutseka mpweya. Asacokonyole dzino ndi singano kapena waya, ndipo asapite kwa munthu wamba kuti alizule. Wa ku Zóbuè kapena ku Moatize apite kucipatala capafupi. Dzino likakhala lobisika m'fupa, anamwino amam'tumiza kucipatala cacikulu ca mumzinda wa Tete. Kumeneko amajambula nsagwada ndi kuona mmene dzino lagonera asanalizule.

Dzino lomaliza limene lamera mowongoka silifunika kuzula. Limatafuna monga anzake.

Mafunso
1. Kodi munthu wamkulu ali ndi mano angati?
2. Kodi mano omaliza amamera pa zaka zingati?
3. N'cifukwa ciyani nkhama imatupa?
4. Kodi munthu wotupa tsaya acite ciyani?