Mendulo ya agogo si chitsulo wamba, ili ndi dzina

Amene mwadutsapo pa tauni ya Mangochi mwaiona nsanja ya wotchi yomwe ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi yomwe tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss. Ambirife timangojambulitsapo n'kumapita, koma mfutiyo inachokera m'sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaphwanya sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann. Olemba mbiri ambiri amati uku kunali kulimbana koyamba kwa pamadzi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa nyanja yathu yomweyi!

Mfutiyo boma likuisunga, ndipo mbiri ya sitimayi muipeza ku Lake Malawi Museum, chapafupi pomwepo. Nkhawa yanga ili pa tinthu ting'onoting'ono tomwe tili m'mabokosi achitsulo kunsi kwa mabedi: mamendulo, mabatani a yunifolomu, baji ya pachipewa, chikalata chotulukira usilikali.

Amalawi ambiri anamenya nkhondo m'gulu la King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Pa nkhondo yoyamba, yomwe makolo ankaitcha ya Chiwaya, analimbana ndi Majeremani ku Karonga pa 9 Seputembala 1914, kenako ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Enanso ambirimbiri anatengedwa ngati amtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri anafika ku Ethiopia, Madagascar mpaka ku Burma. Pobwerera, ambiri analibe china choonetsa kupatula timendulo timeneti.

Mnzanga wina wa ku Malindi ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. “Achimwene, taonani ichi, ndachipeza m'bokosi la agogo. Wogula zitsulo akuti andipatse ya bando. Nditani?” Ndinamuuza kuti adikire kaye, atembenuze mendulo ija n'kuyang'ana m'mphepete mwake. Munali nambala, dzina la agogo a amayi ake, ndi zilembo za K.A.R. Banja lonse silinkadziwa kuti dzinalo lili pamenepo.

Nanga inu mungazindikire bwanji chomwe muli nacho? Mendulo yasiliva yokhala ndi mutu wa Mfumu George V kutsogolo, kumbuyo munthu pa kavalo ndi zaka 1914 ndi 1918, ndi British War Medal. Yamkuwa yokhala ndi chithunzi cha mayi wamapiko, nsalu yake ya mitundu ya utawaleza, ndi Victory Medal. Zonse ziwirizi n'za nkhondo yoyamba, ndipo m'mphepete mwake munkadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali. Mukaona 1/K.A.R. kapena 2/K.A.R., amenewo anali magulu a asilikali a kuno ku Nyasaland.

Za nkhondo yachiwiri n'zosiyana. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa kuti The Burma Star kapena The Africa Star imakuuzani komwe munthu anakamenyera, koma zambiri zinkaperekedwa zopanda dzina. Apa ndiye chikalata n'chofunika kwambiri. Mukasiyanitsa mendulo ndi pepala lake, palibenso angadziwe kuti inali ya ndani.

Choncho musaikweche ndi mchenga kapena phulusa ngati poto, mufufuta zilembo. Ipukuteni ndi kansalu kouma basi, n'kuisunga pouma, poti chinyontho cha kunyanja sichichedwa kuwononga nsalu ndi mapepala. Jambulani mbali zonse ndi foni. Kenako khalani pansi ndi agogo omwe alipo, muwafunse: anapita liti, anabwerera liti, ankakamba zotani? Jambulani mawu awo. Ngati msilikaliyo anafera ku nkhondo, yesani kufufuza dzina lake pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, n'zaulere. Ku Zomba kulinso National Archives of Malawi, komanso nsanja yachikumbutso ya KAR yomwe ili ndi maina a asilikali.

Chenjezo: mukafukula chipolopolo kapena chinthu chooneka ngati bomba m'munda, musachigwire kapena kuchimenya ndi khasu. Dziwitsani apolisi, chifukwa zina zimaphulika ngakhale patapita zaka zambiri. Komanso lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutulutsa zinthu zamakedzana m'dziko muno popanda chilolezo, ndiye samalani ndi amene akukunyengererani kuti akagulitse kunja.

Ndikudziwa, zinthu zavuta ndipo ndalama ikufunika. Koma ya mendulo muidya tsiku limodzi, pamene dzina la m'mphepetemo mwina ndi malo okhawo pomwe kholo lanu linalembedwa. Mukapita kumudzi ulendo uno, pemphani agogo akutsegulireni bokosi lija.